Madontho a Dzuwa ku Mabvuku

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi
dzuwa likundizemba ngati wangongole.
Kuno ku Mabvuku amati guti.
Bambo anga, amene anafika kuno wapansi kuchokera ku Dedza,
ankati chiperoni, n'kulavulira pambali.
Kaya muchitche dzina liti, chimanyowetsa katoni.

Zida zanga n'zoseketsa:
bainokulasi ya diso limodzi
yomwe ndinasinthanitsa ndi jekete ku Mbare,
ndaimanga ndi mphira pa chitsulo
chomwe ndinawotcherera ndekha manja asanayambe kunjenjemera,
ndi katoni ya sopo, yoyera mkati, yotsamira chidebe.
Dzuwa suliyang'ana m'maso.
Zaka makumi atatu za kuwotcherera zinandiphunzitsa zimenezo.
Umalipatsa msana, lokha limadzera m'galasi
n'kudzakhala pa katoni, lozungulira ngati chivundikiro cha botolo la jamu.

Ulemu, mdzukulu wanga, wagwira foni
ndi tizala tosuzumira m'manja mwa juzi langa.
Batire yatsala pang'ono. Magetsi anapita dzulo,
ndipo nyumba iliyonse mumsewu wathu ikufukiza nkhuni zaziwisi;
utsi ukukwera kukathandiza mitambo
ngati kuti mitamboyo inapempha aganyu.

Mai Chenai, kuseri kwa mpanda, akuanula zovala zosauma.
Akufunsa m'Chishona ngati boma landilemba ntchito yoyeza mvula.
Ndikuyankha m'Chichewa. Tonse tikuseka.

Kenako, cha m'ma leveni,
pamwamba pa mtengo wa mapeyala
mwera wang'amba kansalu.
Katoni yayaka!
Timadontho titatu kumunsi chakumanzere:
kamodzi kokulirapo, kofunda mthunzi wotuwa m'mbali,
tiwiri tikukalondola pambuyo ngati anapiye.
Ulemu akuti ndi fumbi la ku fakitale ya simenti,
lija limatera pa repu, pa mawindo, pa chilichonse.
Ndikuzunguza galasi. Fumbi likadazungulira nalo.
Madonthowa ali phee.
Dina, mwana iwe, dina!

Masekondi makumi awiri, mwina.
Chiperoni chatsekanso chitseko.

Zithunzi zisanu ndi ziwiri.
Zinayi ndi chala cha Ulemu,
ziwiri zagwedezeka poti ndinatsokomola n'kugunda chitsulo.
Chimodzi chokha,
chotuwa, chopendekeka, dzina la sopo likuonekera kuseri,
koma timadonthoto tilipo.

Mwezi wa Epulo dokotala wa m'tauni
anakweza chithunzi cha chifuwa changa pa nyali
n'kuloza ndi cholembera. Apa, ndi apa.
Ulemu sindinamuuze.
Ndimangomuuza zomwe ndinawerenga:
kuti kadontho kamodziko kakhoza kumeza dziko lonse,
Harare, Dedza, njanji, ndi manda omwe;
kuti pamenepo pangozizirako pang'ono, sipanazime;
kuti dzuwa limatembenuka mwakachetechete
n'kupita nato kuseri,
ndipo pakatha masabata awiri
tina timatulukiranso mbali inayo, tina ayi.

Akulemba kumapeto kwa kope la masamu:
Julayi 9, atatu, guti.
Ndikuti alembe chiperoni.
Akufunsa kalembedwe kake, ndipo ndikumutchulira
chilembo chimodzichimodzi, mpweya ukutuluka ngati utsi.

Kamvula kayamba, kaja kosamveka pa malata.
Tikulowetsa katoni poyamba, kenako galasi,
ine pomalizira.

Agogo, mawa kadzakhala katasuntha?

Katchajitse foni kwa Mai Chenai, ali ndi sola.
Ndipo udzuke msanga.